Zigoba ziwiri m'nyumba imodzi: kuba komwe tasiya kukutcha kuba

Palibe khomo m'mbali mwa nyanja muno pomwe sipamveka dandaulo la kukwera mtengo kwa zinthu. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Chiyambire nthawi imeneyo sopo, shuga, mchere ndi mafuta ophikira zakhala zikuthawa m'manja mwa anthu wamba. Dandaulo limeneli ndi loona. Koma pali chinthu china chomwe chikudya ndalama za m'mabanja mwathu, ndipo pa chimenechi timakhala chete chifukwa wolakwayo ndi mnansi wathu, mlamu wathu, mwinanso ife eni. Chinthucho ndi muyeso wabodza.

Taonani zomwe zimachitika pa doko ngati la Ngara, pa msewu wa M1 pakati pa Karonga ndi Chilumba. Asodzi agona pa nyanja usiku wonse ndi chilimira, nyali zikuyaka kuti usipa usonkhane. M'mawa akakocheza, ogula ena amabwera ndi ndowa zawozawo. Zina mwa ndowazo zinathiridwa madzi otentha n'kukankhidwa pansi kuti zitukuke, motero zimameza usipa wambiri kuposa womwe walipiridwa. Usipa uja ukauma pa thandala n'kufika nthawi yougulitsa, pamatuluka chigoba china chomwe pansi pake panabonyoledwa kuti palowe m'kati. Munthu mmodzi, zigoba ziwiri: chachikulu chogulira, chaching'ono chogulitsira. Mlimi wa mpunga, wa chimanga ndi wa chinangwa amachidziwa bwino chinyengo chomwechi, chifukwa mavenda ena amamufikira ndi sikelo yomwe muvi wake unapotozedwa kale.

Sizithera pa chigoba. Karonga ndi kwawo kwa mpunga wa Kilombero, womwe fungo lake limadziwika mpaka ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Lero mayi wogula thumba lolembedwa dzina limenelo amayamba wapisa dzanja mpaka pansi, chifukwa pamwamba pamakhala Kilombero weniweni pomwe pakati pali mpunga wa mtundu wina wotsika mtengo. Mafuta oyeza a pa okala, kabotolo kake kakucheperachepera pomwe mtengo uli pomwepo. Kajumbo ka ufa ka wokumani kakupepuka mwezi ndi mwezi. Amene amapwetekedwa kwambiri ndi wosauka, chifukwa ndiye amagula zinthu pang'onopang'ono tsiku lililonse. Wolemera amagula botolo lomata la ku fakitale kamodzi pa mwezi, pomwe mayi wamasiye amaberedwa kakhumi pa sabata, supuni imodzi nthawi iliyonse.

Ochita zimenezi ali ndi mayankho atatu, ndipo onse ndi ofooka.

Loyamba n'lakuti zinthu zadula, choncho wogulitsa naye ayenera kudziteteza. Zoona, ukonde wadula, petulo wa injini wadula, katundu wochokera ku Kyela kudzera pa Songwe wadula. Koma njira yachilungamo ilipo: kwezani mtengo poyera. Munthu akauzidwa kuti chigoba chakwera, amadziwa chochita. Akhoza kunenerera, akhoza kugula theka, akhoza kupita kwina. Mukachepetsa chigoba n'kusunga mtengo, mwamulanda mwayi wosankha, ndipo amapita kunyumba akuganiza kuti ndiwo zikwana masiku atatu pomwe zitha mawa. Kukweza mtengo ndi malonda, kuchepetsa muyeso mobisa ndi kuba.

Lachiwiri n'lakuti aliyense akutero. Ngati zili choncho, ndiye kuti palibe amene akupindula. Wogulitsa usipa wobera pa chigoba madzulo amakagula mpunga wosakaniza, ndipo wa mpungayo amakagula mafuta a kabotolo kochepa. Ndalama yobedwa imangozungulira mudzi n'kubwerera pomwe inachokera, ndipo chotsala ndi kukayikirana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lachitatu n'lakuti wogula ali ndi maso, adzionere yekha. Yankho limeneli latha ntchito chifukwa cha foni. Masiku ano wamalonda wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe safunikanso kufika pa doko. Amaona chithunzi cha usipa pa WhatsApp, amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, thumba n'kukwezedwa pa galimoto. Maso ake safika pakati pa thumbalo. Chomwe wagula ndi mawu a munthu wa ku Ngara. Akatsegula n'kupeza kuti pansi pali usipa wonyowa, wofumbwa kapena wamchenga, sadzanena kuti uje anandibera. Adzanena kuti a ku Ngara ndi akuba, ndipo ndalama yotsatira idzapita ku Chilumba, ku Usisya kapena ku Nkhata Bay. Akuluakulu anati ikaola imodzi zaola zonse. Foni yomweyo yomwe yabweretsa msika pakhomo imafalitsanso mbiri yoipa m'tsiku limodzi.

Kwa ife Asilamu nkhaniyi si yachilendo. Surah ya 83 ya Qur'an yolemekezeka, Al-Mutaffifin, dzina lake lenilenilo likunena za anthu opunguza miyeso, ndipo khalidwe lomwe ikudzudzula ndi lomweli la muyeso wina polandira, wina popereka. Omasulira Qur'an amafotokoza kuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) atafika ku Madinah m'chaka cha 622 anapeza kuti anthu a kumeneko anali oipitsitsa pa kayezedwe, ndipo surayi itatsika anakonza miyeso yawo. Anthu a ku Madyan, omwe anatumiziridwa Mneneri Shu'aib, anaonongedwa atakana kusiya kupembedza mafano ndi kubera pa sikelo. Mu Sahih Muslim mulinso nkhani ya Mtumiki akupisa dzanja mu mulu wa chakudya pa msika n'kupeza chonyowa chitabisidwa pansi, ndipo anamudzudzula mwini wake poyera. Kodi thumba la usipa louma pamwamba, lonyowa pakati, likusiyana pati ndi mulu umenewo? Timasamala kwambiri kuti nyama ikhale yozingidwa mwa halali, ndipo n'koyenera. Nanga bwanji ndalama yogulira nyamayo sitiifunsa komwe yachokera?

Choopsa kwambiri chili m'nyumba. Pa malonda ambiri a pakhomo amene amayeza ndi mwana, akaweruka ku sukulu kapena ku madrassa. Mwanayo amauzidwa kuti chigoba ichi n'cha alendo odutsa pa msewu, ichi n'cha anthu otidziwa. Amaphunzira kuti chilungamo chili ndi eni ake, ndipo kuti munthu wosamudziwa ndi wololedwa kumubera. M'mera mpoyamba. Tsiku lomwe mwana yemweyo adzabweza chenje chosakwana kwa mayi ake, tisadzanene kuti waonongeka ndi anzake kapena ndi foni. Anaphunzira pa thandala la kwawo.

Malamulo a dziko alipo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayesa ndi kutsimikiza masikelo a malonda, ndipo la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Koma tisadzinamize kuti wa ku ofesi adzaima pa doko lililonse m'bandakucha kuyeza ndowa iliyonse. Ntchitoyi ndi ya eni doko. Makomiti a m'madoko, ma BVC, alipo kale ndipo amayang'anira za maukonde oletsedwa. Chingawalepheretse n'chiyani kusunga ndowa imodzi ya malita 20 ndi chigoba chimodzi cha malita 5, zoikidwa chizindikiro pamaso pa mfumu, kuti aliyense wokayika azikayezerapo? Wapampando wa msika achite chimodzimodzi ndi sikelo. Wopezeka ndi zigoba ziwiri alipitsidwe monga amalipitsidwa wopezeka ndi ukonde wa neti ya udzudzu. Masheikh athu nawo aitchule nkhaniyi pa khutba ya Lachisanu ndi mayina ake enieni, chigoba, ndowa ndi sikelo, kuti aliyense wokhala pa mkeka adziwe kuti akunena za iye.

Ndipo inu mayi, inu bambo, amene mumagula: lekani kuchita manyazi. Tengani chigoba chanu popita ku msika, khuthulani thumba musanalipire, ndipo mukapeza munthu woyeza mokwanira m'bwerereni ngakhale mtengo wake uli wokwererapo pang'ono. Wamalonda wachilungamo akamagona ndi katundu pomwe wachinyengo watha kugulitsa, ogulafe ndife tam'langa chifukwa cha chilungamo chakecho.

Za kwacha zimagamulidwa ku Lilongwe, ndipo mphamvu zathu pa izo n'zochepa. Koma kukula kwa chigoba cha pa Ngara kumagamulidwa pa Ngara pomwepo, ndipo tikhoza kukukonza sabata ino.