Muyeso Woyenera Nzeru za Agogo Athu

Nkhalamba ikayamba kuiwala maina a adzukulu ake, kusokera pa njira ya kudimba imene yayendamo chiyambire utsikana wake, kapena kupezeka m'bandakucha itaima pabwalo la eni osadziwa chimene yadzera, mudzi suchedwa kugamula kuti mfiti yagwa pa ulendo wake wa usiku. Chonsecho alipo matenda a ubongo, otchedwa dementia, amene amafooketsa kukumbukira ndi kulingalira pang'onopang'ono, ndipo mwini wake sachimwa kanthu powadwala.

Kuti matendawa azindikirike pafunika muyeso, ndipo muyesowo uyenera kukhala wolungama. Mafunso a MMSE, amene Marshal Folstein ndi anzake a ku America adasindikiza mu 1975, ali ndi malikisi 30, ndipo amafuna kuti wodwala atchule chaka ndi tsiku la mwezi, achotse 7 pa 100 mobwerezabwereza, alembe chiganizo ndi kukopera chithunzi; a MoCA, ochokera ku Montreal, amamuuza kujambula wotchi. Taonani tsono gogo wa ku Ntchisi amene sadagwirepo pensulo, amene amadziwa nthawi poyang'ana dzuwa nawerenga zaka kuyambira pa njala ya 1949: adzalephera ndithu, angakhale akutha kulongosola mibadwo ya mbumba yake yonse osaphonya dzina. Chimene chayesedwa pamenepo ndi sukulu, nzeru zake sizidakhudzidwe n'komwe.

Anzathu a ku Hai, m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, adaliona vutoli nakonza mafunso otchedwa IDEA, osalira cholembera. Nkhalamba imafunsidwa kuti mlatho n'chiyani, mkulu wa mudzi ndani, lero n'lachingati. Imatchula nyama zonse zimene ingathe m'mphindi imodzi, imabwereza mawu 10, niyalanso timitengo ta machesi monga yaonera. Ifenso njirayi tidaiyendapo, pakuti mafunso a SRQ-20 a bungwe la WHO, opimira kuvutika maganizo, adamasuliridwa m'Chichewa nayesedwa pakati pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo.

Ndinenetse kuti pepala la mafunso silingalowe m'malo mwa dokotala. Kugontha, matenda a nkhawa, HIV ngakhale thupi lotentha zingasokoneze mutu wa munthu wachikulire, ndipo zina mwa izi zimachizika. Komanso mawu a mwana wamkazi amene amawasambitsa ndi kuwaphikira agogowo ayenera kumvedwa mofatsa, popeza ndiye amaona kusintha kwawo tsiku ndi tsiku.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo sikuyenera kuti amene adazimitsa moto wathu aponyedwe miyala mu ukalamba wawo. Chomwecho ndipempha a Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi akatswiri a ku Kamuzu University of Health Sciences kuti atikonzere muyeso wotere m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, ndi kuupereka m'manja mwa anamwino a zipatala zazing'ono za kumudzi, pakuti mabanja ambiri sangathe kutengera gogo wawo ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu.