Mliri unatha, koma anamwino athu akudwalabe

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za anthu ogwira ntchito m'zipatala zathu kuno ku Chifunde, m'chigawo cha Tete. Pa 5 Meyi 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Covid-19 wasiya kukhala ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Ife tinavula masiki, misika inadzazanso, ndipo pamaliro tinayambanso kugona monga mwa mwambo wathu. Koma ena mwa anthu amene anatigwira ndi manja awo m'masiku oopsa aja sanapezebe bwino mpaka lero, ndipo sindikuona amene akuwafunsa kuti adzuka bwanji.

Matendawa anapezeka koyamba m'dziko lathu la Mozambique pa 22 Malichi 2020, ndipo kuyambira pa 1 Epulo Pulezidenti wa nthawiyo, a Filipe Nyusi, anaika dziko pansi pa malamulo a nthawi ya ngozi. Sukulu zinatsekedwa, anthu tinauzidwa kuti tichepetse maulendo. Namwino, mzamba, woyeza magazi ndi wokolopa m'chipatala analibe mwayi umenewo. Boma lathu la Chifunde lili m'malire ndi Zambia, ndipo magalimoto akuluakulu a katundu ochokera kudoko la Beira ankadutsabe pachipata cha Cassacatiza kulowera ku Katete ndi ku Chipata. Nawonso anthu a m'midzi ya m'malire ndi apachibale, amayenderana pa maliro, pa ukwati ndi pa malonda. Aliyense wobwera akutsokomola ndi thupi lotentha ankafikira m'manja mwa namwino yemweyo, pomwe malungo ndi Covid-19 zimayamba mofanana. Poyambirira zoyeza zonse zinkapita ku Instituto Nacional de Saúde ku Marracuene, kufupi ndi Maputo. Pamene yankho linkafika, namwino anali atamugwira kale wodwalayo, atamubaya jakisoni ndi kupuma naye mpweya umodzi m'kachipinda kopanikiza.

Zimene ndikunenazi sindinachite kumva. Mlongo wanga ndi namwino pa chipatala china chaching'ono, chimene dzina lake ndalisunga. Ndinamuona akuchapa masiki yofunika kutaya ukangovala kamodzi, n'kuiyanika kuti aivalenso mawa. Akaweruka ankavulira zovala panja, kusamba, n'kukagona yekha m'kanyumba kapadera, mwana wake akulirira kunyamulidwa. Ku mjigo amayi anzake ankachotsa zidebe zawo akamuona, amvekere wabwera nawo matenda. Ena ankanena poyera kuti achipatala akunamizira anthu Covid-19 kuti alandire ndalama. Munthu wochoka kukapulumutsa moyo wa mnzake ankafika pakhomo n'kupeza mawu oterewa akumudikira.

M'nyengo yozizira ya 2021, pamene mtundu wa Delta unavuta dziko lonse ndipo chigawo chathu cha Tete chinakhudzidwa kwambiri, iyenso anagwidwa. Anagona, kenako anadzuka mphamvu zisanabwerere chifukwa panalibe womulowa m'malo, ndipo amayi oyembekezera anali atadzaza pakhonde. Kuchokera nthawi imeneyo akakwera kamtunda amabanika, tulo amangotiona m'bandakucha, ndipo munthu amene ankasunga pamtima mayina a odwala ake tsopano amachita kulemba chilichonse kuopa kuiwala. Akamva munthu akupuma movutikira, mtima umamugunda ngati wabwerera m'chaka chija. Chiyambire, palibe tsiku limene anaitanidwa kuti ayezedwe m'chifuwa kapena kuti akhale pansi ndi mlangizi.

Vutoli si lake yekha, ndiponso si ulesi. Mu Okutobala 2021 WHO inavomereza kuti pali matenda otsalira pambuyo pa Covid-19: kutopa kosatha, kubanika ndi kusokonekera kwa maganizo, zimene zimaoneka patatha miyezi itatu chidwalire ndipo zimakhala miyezi iwiri kapena kupitirira. Bungwe lomwelo linayerekeza kuti pakati pa Januwale 2020 ndi Meyi 2021, ogwira ntchito zaumoyo pakati pa 80,000 ndi 180,000 anamwalira ndi matendawa padziko lonse. Amenewo ndi amene anapita. Nanga otsala amene akudwala ali pantchito, akuwawerenga ndani?

Pamene boma linachita bwino tiyenera kuyamika. Katemera atayamba pa 8 Malichi 2021, ogwira ntchito zaumoyo ndi amene anayamba kulandira, ndipo Nduna ya Zaumoyo ya nthawiyo, a Armindo Tiago, anabayitsa pamaso pa anthu kuti atichotse mantha. Katemerayo anapulumutsa miyoyo. Koma katemera sachotsa kutopa, sabwezera tulo, ndipo sapoletsa chisoni cha munthu amene odwala anatsirizikira m'manja mwake mpweya wa okosijeni palibe, chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete chili kutali.

Choipanso n'chakuti anthuwa sanapume. Covid-19 atangoyamba kuzilala, mu Seputembala 2022 kolera inabuka m'boma la Lago ku Niassa n'kufalikira m'zigawo zina, kuphatikizapo Tete, ndipo namondwe wa Freddy anaonjezera mavuto mu 2023. Manja omwe aja ndi amene anagwiranso ntchitoyo. Madokotala a bungwe la Associação Médica de Moçambique atanyanyala ntchito mu Disembala 2022 ndi mu Julaye 2023, komanso anamwino ndi anzawo a bungwe la APSUSM atachita chimodzimodzi, ambiri tinangowatukwana kuti akonda ndalama. Komatu m'madandaulo awo munalinso kusowa kwa zipangizo ndi mankhwala, ndiponso malipiro a maola oonjezera amene anali atagwira kale. Sindikondwera ndi kunyanyala kulikonse chifukwa wovutika amakhala wodwala wosauka, koma munthu akafika poika pansi ntchito imene anailumbirira, ndiye kuti zamukwana.

Timadandaula kawirikawiri kuti anamwino ena ndi aukali, ndipo mwano kwa wodwala sitingauvomereze ngakhale pang'ono. Komabe tidzifunse kuti munthu amene wachezera kubereketsa usiku, m'mawa ali pasikelo ya ana, masana akupereka ma ARV, kuleza mtima akutenga kuti. Namwino wotopa akhoza kulakwitsa muyezo wa mankhwala, ndipo wolandira mankhwalawo ndi mwana wanga kapena wanu. Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Tisadikire kuti zipatala zathu za kumidzi zitsale zopanda anthu kuti tidziwe kufunika kwawo.

Choncho ndikupempha akuluakulu oyang'anira zaumoyo m'boma muno, kuchigawo ndi kulikulu zinthu izi. Aliyense amene anagwira ntchito m'nthawi ya mliri ayezedwe mapapo, mtima ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo oyezawo abwere kuno, osati wodwala adzilipirire ulendo wa ku Tete. Pakhale alangizi oyendera zipatala za ku Chifunde, Mualadzi ndi Nsadzu, kuti ogwira ntchito azitula nkhawa zawo mwachinsinsi popanda kuopa kutchedwa ofooka. Amene anatenga matendawa ali pantchito aonedwe ngati ovulala pantchito, ndipo mabanja a amene anamwalira athandizidwe mosawazunguza ndi mapepala. Tchuthi chikakwana, pakhale womulowa m'malo kuti munthu apumedi. Masiki, magolovesi, sopo ndi madzi zizikhalapo nthawi zonse, osati kuzifunafuna mliri utalowa kale m'mudzi. Pa zonsezi musaiwale ma APE, azaumoyo athu a m'midzi, amene ankayenda khomo ndi khomo pa njinga, ndi okolopa amene ankachapa nsalu za odwala. Iwowa ndi amene amalandira zochepa kuposa onse, koma ngozi inali imodzimodzi.

Kwa mafumu, atsogoleri a mipingo ndi ife eni mudzi, mbali yathu iliponso. Amene tinasala anamwino ndi kuwanenera mabodza tikawapepese, ndipo pamisonkhano ya m'mudzi tiziwafunsa zimene zikuwasowa kuti tikadandaule nawo limodzi kwa olamula.

Mliri wina udzabwera ndithu, ndipo anthu omwewa ndi amene tidzathamangire. Akuluakulu, asamalireni lero akadali moyo.

Ine wodandaula,
Mlimi wa ku Chifunde, Tete