Nkhata Zimafota, Mawu a Asilikali Athu Ajambulidwe

Omvera, mwambo wokumbukira asilikali wachitikanso monga umachitikira Novembala aliyense. Akuluakulu ayala nkhata zamaluwa pa chipilala cha ku Area 18, lipenga lalira, anthu akhala chete mphindi ziwiri. Zonsezi n'zoyenera. Chondiwawa n'choti pa mwambowu amayankhula ndi nduna, amayankhula ndi mkulu wa asilikali, amapemphera ndi abusa ndi mashehe, koma agogo a mamendulo pachifuwa aja timangowakhazika pampando wakutsogolo, kuwajambula chithunzi, n'kuwabweza kwawo asanatsegule pakamwa.

Kwathu ku Mtsiliza kunali mkulu wina amene madzulo aliwonse ankakhala pa bawo pansi pa mtengo wa mango. Akadya nkhomo za mnzawo, ankayamba kusimba za mvula ya kunkhalango, za misundu yokakamira m'miyendo, za kalata imene inawapeza patatha miyezi mwana wawo ataikidwa kale m'manda. Anyamata ankaseka n'kumati agogo ayamba zija. Atamwalira, wowerenga mbiri pa maliro anangoti malemuwa anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, basi, n'kupitirira kutchula chiwerengero cha zidzukulu. Posesa, m'kachitini ka dzimbiri munapezeka mamendulo atatu ndi kabuku kong'ambika. Adzukulu anayamba kutsutsana, wina akuti agogo anali ku Burma, wina akuti ku Abyssinia. Wowalamula panalibe. Mwini nkhani anali atagona nayo.

Chimene tikutayachi si chaching'ono. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika pakhomo pathu penipeni, ku Karonga, mu Seputembala 1914. Makolo anaitcha nkhondo ya chiwaya chifukwa cha mfuti yolira motsatizana ija. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anasenza katundu wa nkhondoyo ngati amtengatenga, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Mu 1940 asilikali athu a King's African Rifles analimbana ndi Ataliyana ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, n'chifukwa chake kambi ya ku Mzuzu ili ndi dzina limenelo. Mu 1942 anali ku Madagascar, mu 1944 ali m'nkhalango za Burma kulimbana ndi Ajapani. Malipoti a akuluakulu a nkhondo amanena tsiku limene phiri linalandidwa. Amene angatiuze kulemera kwa katundu pamutu, kuwawa kwa chikoti ndi mantha a usiku wa nkhondo ndi iye amene anali pomwepo.

Taonani anzathu a ku America. Nkhondo yawo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 amaidziwa bwino chifukwa asilikali wamba anasiya makalata ndi mabuku, ndipo ana asukulu amawerengabe mpaka lero. Mu 2000 nyumba yawo ya malamulo inalamula kuti laibulale yaikulu ya dzikolo, Library of Congress, izitolera ndi kusunga mawu a asilikali akale. Ngakhale mawu a makolo athu a nkhondo ya chiwaya anawapulumutsa ndi munthu wa ku America komweko, Melvin Page, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anayenda m'midzi pamodzi ndi Amalawi omuthandiza, kufunsa nkhalamba zimene zinaona nkhondoyo. Buku lake, The Chiwaya War, linatuluka mu 2000. Akanachedwa zaka 20 zokha, akanapeza manda okhaokha. Timuthokoze mlendoyo, koma ntchito yotsalayi ndi yathu eni khomo.

Wina asanene kuti tilibe zipangizo. Pitani pa ukwati uliwonse ku Mtsiliza, ku Mtandire kapena ku Chinsapo Loweruka likubwerali. Pa perekaniperekani mafoni amakhala m'mwamba ngati mapesi m'munda. Ankhoswe akavina mopitiriza muyezo, pofika madzulo kanemayo wafika kale ku Johannesburg. Mbuzi ikalowa m'tchalitchi, ojambula amachuluka kuposa oithamangitsa. Foni yomweyo, ya batire yomweyo, ikulephera bwanji kukhala theka la ola pamaso pa agogo?

Inu a unduna wa zamaphunziro, mwana wa sekondale akamaphunzira za Hitler ndi Churchill, muuzeninso apite kwa msilikali wakale wa m'dera lake akamufunse, alembe, mumupatse malikisi. Inu oyang'anira nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba, tsegulani khomo loti banja lililonse lizibweretsa mawu ojambulidwa, makalata ndi zithunzi, m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chilomwe, m'chinenero chimene msilikaliyo amalotera. Inu akuluakulu a asilikali, palibe akupempha zinsinsi za nkhondo. Tikupempha kuti munthu akamapuma pa ntchito, muzimulola ndi kumulimbikitsa kusimba zimene anaona. Nafe a pa wailesi, nthawi ya nyimbo tili nayo yochuluka. Ola limodzi pa sabata silingatisaukitse.

A nkhondo yachiwiri atsala owerengeka, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Koma pali enanso amene tikuyenda nawo m'minibasi tsiku ndi tsiku. Alipo amene ankalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Alipo amene anali pa Operation Bwezani mu Disembala 1993. Alipo amene abwera kuchokera ku Congo, kumene mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anafera pafupi ndi Beni. Ena mwa iwowa lero ndi alonda pa mageti a ku Area 47, ndipo timawadutsa m'mawa osadziwa zimene anasenza mumtima.

Chonde, abale anga, ngati m'nyumba mwanu kapena kuseri kwa mpanda wanu muli munthu wotere, musadikire Novembala wina. Apangireni tiyi, khalani pansi, ikani foni pamphasa. Afunseni kuti, agogo, tsiku limene munachoka pamudzi, anakuperekezani ndani? Akayamba kuyankha, musawadule mawu.