Intaneti isathere pazenera la kukhitchini

Ife amene timasamalira okalamba ndi odwala m'makomo a ku Runda tili ndi chizolowezi chimene sitichinena poyera. Ntchito ikatha usiku timatuluka m'kachipinda kathu ka kuseri, kamene kuno amakatcha SQ, n'kukaima pafupi ndi zenera la kukhitchini ya abwana, lamya ili m'manja, kuti tigwireko WiFi. M'mwezi wa Julaye, pamene Nairobi amazizira ngati Dedza, timaima pomwepo titafunda chitenje, tikumvetsera uthenga wa mwana amene tidamusiya kumudzi. Alonda adatizolowera, agalu nawo sauwanso. Ife tikuti chizolowezi chimenechi chithe, pakuti kuchithetsa sikufuna ndalama zambiri. Chofunika ndi kudziwa chopempha, ndi kuchipempha mopanda manyazi.

Intaneti si yosowa ku Runda. Kuchokera mu 2009, pamene zingwe za pansi pa nyanja za TEAMS ndi SEACOM zidafika ku Mombasa, makampani monga Safaricom, Zuku ndi Jamii Telecommunications adayala fibre m'madera ambiri a Nairobi. Runda, woyandikana ndi Gigiri komwe kuli maofesi a United Nations, sadatsalire m'mbuyo. Chingwe chidadutsa pansi pa nyanja, chidakwera kuchokera ku Mombasa, chidalowa pageti. Chimene chalephereka ndi kamtunda kochokera pabalaza kukafika kuseri kwa nyumba.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chingwe chikalowa m'nyumba chimathera pa kabokosi kotchedwa rauta. Kabokosiko ndi kawailesi kakang'ono, kamene kamaulutsa ndi kulandira. Kawirikawiri kamagwiritsa ntchito mafunde a mitundu iwiri: a 2.4 GHz, amene amafika patali ndi kupyola makoma bwinoko koma ndi ochedwerapo, ndi a 5 GHz, amene ndi aliwiro koma amafooka msanga. Nyumba za kuno n'zomangidwa ndi miyala yosema, konkire ndi zitsulo, ndipo khoma lililonse limadyako mphamvu ya mafundewo. Komanso lamya iyenera kuyankha, chonsecho mawu ake ndi aang'ono kuposa a rauta. N'chifukwa chake nthawi zina timaona timizere tiwiri pa lamya koma uthenga osapita: ife tikuimva rauta, iyo sikutimva.

Mankhwala ake ndi kabokosi kachiwiri kotchedwa access point. Amisiri amakoka waya wa Ethernet kuchokera pa rauta kukafika kumene WiFi ikufunika, n'kulumikizapo kabokosiko, ndipo kamayamba kuulutsa pomwepo ndi mphamvu zonse. Waya wotere amagwira bwino ntchito mpaka mamita 100, mtunda wokwanira makomo ambiri a ku Runda. Mitundu ina imalandira magetsi kudzera m'waya yemweyo, moti sipafunika soketi ina. Bilu ya pamwezi sisintha, chifukwa intaneti ndi yomwe ija. Ena amathamangira kugula ka extender kongobaya pakhoma. Kameneko kamangobwereza zimene kamva. Kakamva mofooka, kamabwerezanso mofooka. Ngati waya angathe kudutsa, waya ndiye wodalirika.

Wina anganene kuti tikulirira zosangalatsa. Ayi. Wodwala amene sangathe kukwera masitepe nthawi zambiri amagonekedwa m'chipinda cha pansi, kumapeto kwa nyumba, kutali ndi rauta. Ana ake ali ku London kapena ku Toronto ndipo amafuna kumuona nkhope pa WhatsApp. Adokotala amafuna chithunzi cha bala, kapena manambala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Mmodzi mwa ife adapezapo agogo atayamba kusokonekera maganizo pakati pa usiku. Mwana wawo, ali kunja, adafuna kuwaona asanavomereze zoitana ambulansi. Kanema ankangoduka, ndipo mnzathuyo adayenda katatu pakati pa chipinda ndi balaza, ulendo uliwonse akusiya agogowo okha pa bedi lopanda zotchinga. Sadagwe, Mulungu adatithandiza. Koma aliyense amene adaphunzira unamwino akudziwa chimene fupa la m'chiuno lothyoka limatanthauza kwa munthu wa zaka 80.

Ndipo ngakhale tikadanena za ife tokha, sitikadachita manyazi. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Wosamalira odwala amene wamva mawu a mwana wake, amene wadziwa kuti fizi yafika ndi kuti amayi ake alandira mankhwala, amadzuka ndi mtima wokhazikika, ndipo manja ake amakhala ofatsa pa wodwala. Kugula mabando a data n'kotheka, koma kanema amawadya ngati moto wa m'tchire, ndipo shilingi iliyonse yopita kumeneko yachotsedwa pa imene ikadapita kumudzi.

Mantha a mabwana athu tikuwamvetsa, ndipo si opanda pake. Pa WiFi yomweyo pali makompyuta a ntchito, makamera ndi zinsinsi za banja. Koma marauta ambiri a masiku ano amalola kutsegula khomo lachiwiri, lotchedwa guest network, lokhala ndi dzina lakelake ndi mawu achinsinsi akeake. Likakonzedwa bwino, wolowera kumeneko amafika pa intaneti koma saona zipangizo za m'nyumba. Wantchito akachoka, mawu achinsinsi a khomo limenelo okha ndiwo amasinthidwa. Chofunikanso n'chakuti loko wake akhale WPA2, amene adabwera mu 2004, kapena WPA3 wa mu 2018, osati WEP wakale uja amene adathyoledwa kalekale.

Nafenso tili ndi mbali yathu, ndipo tiinene mosabisa. Alipo pakati pathu amene amadyetsa wodwala phala diso lili pa TikTok. Alipo amene amagawira mawu achinsinsi mlonda wa pakhomo loyandikana. Choipa koposa, alipo amene amajambula wodwala n'kutumiza pa gulu la anzawo kuti aone mmene tikuvutikira. Lamulo la Kenya loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la mu 2019, limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zofunika chitetezo chapadera. Ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, ulemu wa wodwala ukadatiletsa. Mmodzi akalakwa, mbiri imaipa ya Amalawi tonse, ndipo wobwera pambuyo pathu amapeza khomo lotseka.

Choncho pempho lathu kwa mamembala ndi ili. Pokambirana za ntchito yatsopano, pamene mukufunsa za malipiro, tsiku lopuma, madzi ndi magetsi, funsaninso za WiFi. Lowani m'chipinda cha wodwala ndi m'chipinda chanu, tsekani chitseko, yesani kuimba kanema. Akaduka, nenani tsiku lomwelo, ndipo tchulani dzina la chimene chikufunika: waya mmodzi, access point imodzi, ndi guest network. Bwana amamva msanga pempho lobwera ndi yankho lake. Achinyamata a m'bungwe lathu amene akuphunzira zamakompyuta m'makoleji a kuno atithandize pa msonkhano ukubwerawu, abwere ndi rauta ationetse ndi maso.

Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ife taima kokwanira pazenera la kukhitchini, ndipo Julaye akubweranso.