Kumanganso tchalitchi nkwabwino, koma mbiri inenedwe yonse

Abale, ku Canada, pafupi ndi tauni ya Midland m'chigawo cha Ontario, kuli mudzi wa mishoni wotchedwa Sainte-Marie. Ansembe a Chijezuiti ochokera ku France adaumanga mu 1639 pakati pa anthu a mtundu wa Wendat. Mu 1649, nkhondo itavuta, ansembewo adautentha okha kuti adani asaulande. Padatsala phulusa basi.

Mu 1964 boma la Ontario lidayamba kumanganso mudziwo, pamodzi ndi tchalitchi chake chamitengo cha Saint Joseph. Lero mlendo amalipira pachipata, nkupeza anthu atavala zovala zamakedzana akusula zitsulo ndi kufotokoza mbiri. Papa John Paul II nayenso adafikako mu 1984.

Ife tikuti ntchitoyi njotamandika. Mwana wasukulu akaponda dothi la m'tchalitchi chotere amagwira msanga zimene buku lidalephera kumuuza. Wamalonda nayenso amapezapo ya ndiwo, poti mlendo amadya, amagona ndiponso amagula.

Koma pali kanthu kamodzi kotidetsa nkhawa. Tchalitchi chomangidwanso chimaoneka chaudongo ndi chabata, mwakuti mlendo angathe kutuluka akuganiza kuti kale zonse zidali myaa. Chonsecho m'zaka zomwezo nthomba ndi matenda ena obwera ndi azungu adapha pafupifupi theka la Awendat. Ambiri amadziwa dzina la Jean de Brébeuf, wansembe amene adaphedwa mu 1649. Nanga maina a eni nthaka aja akuwadziwa ndani? Matabwa salankhula. Amalankhula ndi munthu amene waikidwa pakhomo, ndipo akasankha kunena mbali imodzi, mlendo amapita ndi mbali imodziyo.

Nkhaniyi ikutikhudza kunonso. Mu 1915 boma la atsamunda lidaphulitsa tchalitchi cha John Chilembwe ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Nkhope yake timaigwira pa ndalama tsiku ndi tsiku, koma ndi angati mwa ife amene angafotokoze mmene tchalitchicho chidaonekera, kapena amene adaumba njerwa zake?

Tsono ngati tsiku lina tidzaganize zomanganso malo otere, tikupempha kuti akadaulo a mbiri akakhale pansi ndi mafumu, mipingo ndi zidzukulu za anthu amene adavutika pamalopo njerwa yoyamba isanaikidwe. Ndalama za alendo tikuzifuna ndithu, koma tisadzagulitse mbiri yodulidwa pakati.