Situdiyo yonse m'kompyuta imodzi: kodi a ku Salima apindula?

Kugombe la Senga Bay m'boma la Salima makamera sasowa. Maukwati, makanema a nyimbo ndi zikondwerero monga Sand Music Festival, yomwe idachitikirapo pa Sunbird Livingstonia, zimakoka ojambula ochuluka. Koma kujambula n'chiyambi chabe. Kanema amakaumbidwa pa kompyuta, ndipo masitudiyo odziwika ali ku Lilongwe ndi Blantyre, kotero gawo lonona la ndalama limatuluka m'bomali.

Kale kudula zithunzi, kukonza maonekedwe ake, kusalaza mawu ndi kuikamo zokometsera kunkafuna mapulogalamu osiyanasiyana. Pulogalamu ya DaVinci Resolve, ya kampani ya Blackmagic Design ya ku Australia, idasonkhanitsa zonsezi n'kupatsa ntchito iliyonse chipinda chake. Ku Media amalowetsa zojambulidwa, ku Cut ndi Edit amadula ndi kulumikiza, ku Fusion amaika zokometsera, ku Color amakonza kuwala ndi mitundu, ku Fairlight amakonza mawu, ndipo ku Deliver kanema amatuluka. Chipinda cha Fairlight chidalowa mu 2017, Fusion mu 2018 ndipo Cut mu 2019.

Kwa Mmalawi nkhani yagona pa ndalama. Adobe Premiere Pro imafuna malipiro obwerezabwereza a ndalama zakunja, zomwe zikusowa m'dziko muno, pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere, ndipo wolipira, wa Studio, umagulidwa kamodzi pa madola 295. Mnyamata wa ku Salima sakufunikanso kudalira mapulogalamu akuba omwe amadza ndi mavairasi.

Nyanja nayo ili ndi mavuto ake amene zipindazi zingachepetse. Dzuwa likawomba pamchenga ndi pamadzi, thambo limayera mbee, nkhope n'kuda. Imeneyo ndi ntchito ya Color. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imawomba m'maikolofoni mpaka kumiza malumbiro a akwati. Apo m'pofunika Fairlight, ngakhale mawu owonongekeratu pojambula sabwerera.

Komabe chaulere chili ndi mtengo wake. Pulogalamuyi imafuna kompyuta yamphamvu, ya RAM yosachepera 16 GB pa Windows, yomwe achinyamata ambiri sangaikwanitse. Magetsi nawo ngosadalirika. Ngakhale ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa a JCM a mamegawati 60, omwe adayamba ntchito mu 2021, mphamvuyo imalowa m'mawaya a ESCOM a dziko lonse, ndipo kuthimathima kukafika wokonza kanema amaimitsa ntchito ngati wina aliyense.

Vuto lalikulu ndi luso. Kukhala ndi zipinda zonse sikusandutsa munthu katswiri wa zonse. Amene wazolowera kudula zithunzi amangodutsa chipinda cha mawu, n'chifukwa chake kanema amatha kukongola m'maso koma n'kumapweteka m'makutu.

Kagawidwe ka zipindaka n'komwe kakuloza yankho. Mutu umodzi susenza denga: achinyamata atatu atha kusonkherana kompyuta imodzi yabwino, wina n'kuzama pa kudula, wina pa mitundu, wina pa mawu. Mabungwe a TEVETA ndi Film Association of Malawi atatengera maphunziro otere kunyanja, kanema wojambulidwa ku Senga Bay akhoza kumalizidwira komweko, ndalama zake n'kutsala ku Salima.