Acinyamata a ku Lundazi ndi nyimbo za pa kompyuta: pulogramu iti yoyambira?

M'maukwati, m'malo acisangalalo ndi pa masiteshoni a basi m'boma la Lundazi, nyimbo zambiri zobvina zimene zimveka masiku ano sizinaimbidwe ndi gulu la oimba. Zinapangidwa ndi munthu mmodzi pa kompyuta. Cifukwa ca ici, wacinyamata amene afuna kulowa nchito ya nyimbo safunsanso mtengo wa gitala. Afunsa pulogramu imene ayenera kuyamba nayo.

Yankho limene apatsidwa kawirikawiri ndi limodzi: FL Studio. Pulogramu imeneyi ndi ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium. Inayamba cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi dzina lakuti FruityLoops, ndipo inasintha dzina mu 2003. Kuchuka kwake mu Africa kuli ndi cifukwa. Nyimbo za gqom za ku Durban zinakulira pa iyo, ndipo kulira kwa "log drum" kumene kudziwikitsa amapiano a ku Pretoria ndi Johannesburg kunacokera ku kacida kena ka m'kati mwake kochedwa Fruity DX10. Wophunzira aona timabokosi 16 pa mzere umodzi, adina pamene afuna kuti ng'oma ilire, ndipo pasanathe ola ali ndi kanthu kobvinika.

Koma uphungu umenewu unabadwira m'mizinda ya malaiti okhazikika ndi intaneti yochipa. Ku Lundazi, mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kucokera ku Chipata, nkhani iyambira pa ndalama. Kwa zaka zambiri mtundu wochipa wa FL Studio, wochedwa Fruity Edition, unali kugulitsidwa madola 99, ndipo wa Producer Edition madola 199. Mu 2024, pamene bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la cimanga la makilogramu 50 pa K330, mtengo waciwiriwo unali kufanana ndi matumba pafupifupi 15. Palinso msampha umene ambiri auzindikira mocedwa: mtundu wochipawo sulola kujambula mau ndi maikolofoni. Nao mtundu waulere woyeserera ulola munthu kupanga nyimbo ndi kuitulutsa ngati MP3, koma sulola kutsegulanso nchito imene inasungidwa dzulo kufikira atalipira. Ubwino wake ngwakuti wogula alipira kamodzi, ndipo mitundu yatsopano ailandira kwaulere moyo wake wonse.

N'cosadabwitsa kuti mapulogramu akuba ayenda pa tumafulashi kucoka kwa mnzake kupita kwa mnzake. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994 liteteza mapulogramu a kompyuta monga momwe litetezera nyimbo. Woimba amene mawa adzapita ku bungwe la ZAMCOPS kukadandaula kuti nyimbo yake yabedwa adzakhala ataipanga ndi cida cakuba. Ngozi yapafupi kuposa apolisi ndi mavairasi amene abwera pamodzi ndi mapulogramu otere, ndipo atha kuononga nchito ya miyezi yambiri usiku umodzi.

Bvuto laciwiri ndi malaiti. Kwa zaka zambiri Lundazi inali kudalira magetsi ocokera ku Malawi, ku kampani ya ESCOM. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi pa damu la Kariba, mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza ngozi ya dziko lonse pa 29 February, ndipo m'madera ambiri malaiti anali kuzima kwa maola ambiri pa tsiku. Wa ku Mwase Lundazi kapena ku Lusuntha amene alibe kompyuta yamphamvu ayenera kufunsa ngati pulogramu igwira nchito popanda intaneti, ndiponso ngati batire la laputopu yakale lingaipirire.

Poyesa ndi muyeso umenewu, maina ena akuluakulu agwa msanga. Logic Pro ndi GarageBand zigwira pa makina a Apple okha. Ableton Live ya ku Berlin, imene inatuluka mu 2001, ikondedwa ndi oimba pa siteji ku Ulaya, koma mtundu wake wathunthu ngwodula. Kamtundu kake kakang'ono, Live Lite, kabwera kwaulere ndi makiyibodi ena. Zimene zitsala ndi zosachuka kwenikweni. LMMS njaulere ndipo ifanana ndi FL Studio m'kacitidwe, ngakhale kuti pojambula mau munthu afunika kuiphatikiza ndi Audacity, imenenso njaulere. Reaper njopepuka, iyesedwa kwa masiku 60 ndipo cilolezo ca munthu wamba ndi madola 60, koma ibwera ndi zoimbira zocepa kwambiri, cotero woyamba abvutika masabata oyambirira. Kwa amene ali ndi lamya yokha, FL Studio Mobile igulidwa pa mtengo wocepa ndipo igwira popanda netiweki, pamene BandLab ya ku Singapore njaulere koma zambiri zake zidalira intaneti, ndiye kuti ndalama ipita ku mabandulo.

Komabe pali nkhani ina imene sikambidwa kawirikawiri, ndipo ndiyo ikhudza kwambiri boma lino. Timabokosi 16 tija si cinthu wamba. Tigawa nyimbo m'mapazi anai, ndipo phazi lililonse m'magawo anai, monga iyendera nyimbo ya house. Ng'oma zambiri za cigawo ca kum'mawa, za Atumbuka, Acewa ndi Angoni, ziyenda mwina: phazi ligawika patatu, cotero mzere wonse ukhala ndi magawo 12, ndipo kuomba m'manja kupingasa ng'oma mwadala. Wophunzira akayesa kuika kaombedwe kotere m'timabokosi 16, amva kuti sikakwana. Ambiri aganiza kuti alakwa ndi iwo, asiya, nabwerera ku zoikidwiratu za amapiano. Umo ndi mmene wacinyamata wokulira pakati pa ng'oma za mwambo wa Kulonga, wa kwa mfumu Mphamba, angathere caka cathunthu akupanga cithunzi cosalongosoka ca nyimbo za ku Pretoria.

Colakwa si ca makina. Ciwerengero ca timabokosi cisinthika, ndipo kuyambira mtundu wa 20 wa mu 2018, FL Studio ilola kusintha kagawidwe ka nthawi m'kati mwa nyimbo imodzi. Reaper ndi LMMS nazonso zilola kagawidwe kena. Cimene cisowa ndi mphunzitsi wouza woyamba kuti batani limenelo lilipo, pakuti mavidiyo ambiri a pa YouTube anapangidwira anthu amene sanamvepo ng'oma ya patatu. Pamenepa ndi pamene kujambula mau kukhala kofunika kuposa zoimbira mazana. Pulogramu yolola kujambula ng'oma yeniyeni, cisekese kapena mau a amai oimba, ndi kuziduladula, ipatsa mwana wa ku Lundazi cinthu cimene wa ku Johannesburg alibe.

Ena anayenda kale njira imeneyi. Nozinja, amene anali kukonza malamya ku Soweto, anatenga magule a Atsonga a ku Limpopo nawathamangitsa pa makina, ndipo mu 2010 kampani ya Honest Jon's ya ku London inatulutsa nyimbo zimenezo ndi dzina la Shangaan Electro. Singeli ya ku Dar es Salaam, yopangidwa pa makompyuta wamba m'makomboni, inafika kunja mu 2017 kudzera ku Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala. Onsewa sanachuke cifukwa ca kudula kwa zida zao.

Pafunika kusamala, komabe. Vimbuza, gule wocizira wa Atumbuka amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, si nyimbo ya m'bala. Kujambula ng'oma za pa mwambo wa odwala popanda cilolezo ca ng'anga ndi eni mudzi kudzabweretsa mlandu kwa mafumu, ndipo woomba ng'oma wojambulidwayo ayenera kudziwa gawo lake nyimbo ikayamba kubweretsa ndalama.

Funso lotsala lili kwa akuluakulu a boma. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa konsityuwensi iliyonse, ndipo mbali ina inapatulidwira maphunziro a luso ndi magulu a acinyamata. Laputopu imodzi, maikolofoni, sola ndi cilolezo ceniceni ca pulogramu n'zochipa kuposa cigayo cimodzi. Wailesi ya Chikaya ili pomwepo m'tauni ya Lundazi, ndipo nyimbo yomalizidwa bwino siifunika kudzera ku Lusaka kuti imveke ku Chasefu ndi ku Lumezi.